Kodi n'kwanzeru kulipira munthu kuti adzakulongosolereni katundu m'nyumba?

Funso: Ndimakhala ku Nkolokosa m'nyumba ya zipinda zitatu, ndipo ndimachita geni ya nsalu ndi nsapato. Chipinda chimodzi ndinachisandutsa mosungira katundu wa geniyo, koma pano zasakanikirana ndi zinthu za pakhomo, kuphatikizapo masutikesi a malemu apongozi anga omwe anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Mwezi watha ndinakapikula nsapato za ana a sukulu poganiza kuti zatha, koma kenako ndinapeza katoni yathunthu kuseri kwa matumba a chimanga, nsapato zake zitachita nkhungu. Ndaona pa Facebook mtsikana wina akulengeza kuti amalongosola katundu m'nyumba za anthu, koma bambo a kunyumba akuti kumeneko n'kutaya ndalama popeza tili kale ndi wantchito. Kodi munthu wotereyu amachita chiyani kwenikweni, ndiyembekezere zotani, ndipo ndalama yake imabwerera?

Yankho: Mayi, bambo a kunyumba akunena zoona pa mfundo imodzi yokha, yakuti ngati chimene mukufuna ndi kusesa, kukolopa ndi kupukuta fumbi, wantchito wanu akukwanira ndipo palibe chifukwa choitanira wina. Koma vuto limene mwafotokozali si la fumbi ayi. Wantchito angathe kusuntha katoni n'kusesa pansi pake, koma ulemu sungamulole kukufunsani kuti, "Mayi, kodi mapoto awa mukuwasungiranji pamene chigulireni simunaphikiremo?" Funso limenelo ndi limene mumalipira mukaitana wolongosola katundu. Paja akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo munthu wakunja, amene sakudziwa mbiri ya chinthu chilichonse m'nyumba mwanu, amaona msanga zimene maso anu anazolowera kulambalala. Ntchitoyi inakhazikika ngati bizinesi ku America m'zaka za m'ma 1980, kumene ochita ntchitoyi ali ndi bungwe lawo lotchedwa NAPO, koma kuno ku Blantyre ndi yatsopano, ndipo aliyense amene ali ndi foni yojambula bwino angathe kudzitcha katswiri. Choncho udindo wosefa uli m'manja mwanu.

Wodziwa ntchito yake satchula mtengo asanaone nyumba. Amayamba wabwera kudzayendera, ndipo pa ulendo umenewo adzatsegula makabati, adzasuzumira pansi pa bedi, adzayeza chipinda ndi tepi, ndipo adzakufunsani mafunso amene mwina angakuchititseni manyazi pang'ono: amaphika ndani pakhomo pano, katundu wa geni amalowa kangati pa mwezi, makasitomala amafika m'nyumba kapena mumawapititsira, alendo ochokera kumudzi amagona chipinda chiti. Ndikukupemphani kuti musakonzeretu m'nyumba chifukwa choti kukubwera mlendo, monga momwe tonse tinaleredwera. Mukabisa chisokonezocho, iye adzawerengera ntchito yochepa, ndipo tsiku logwira ntchito mudzakangana pa mtengo. Funsaninso pa foni ngati ulendo woyenderawo ndi wolipira komanso ngati thiransipoti yake ili kwa inu, chifukwa timikangano tambiri timayambira pa tindalama ting'onoting'ono totere.

Pa nkhani ya malipiro, ena amalipiritsa pa ola, ena pa tsiku, ndipo ena amatchula mtengo umodzi wa ntchito yonse. Kwa munthu amene akuyesa koyamba ngati inu, ine ndimakonda mtengo wa chipinda chimodzi, wolembedwa, wonena kuti ntchitoyo itenga masiku angati komanso kuti abwera anthu angati. Kulipira pa ola kumakomera mwininyumba amene amasankha zinthu mwachangu, koma amene amayamba wakumbukira ukwati wa mchemwali wake pa chitenje chilichonse adzaona maola akuwerengeka iye ali chigwirire nsalu m'manja. Musapereke ndalama yonse ntchito isanayambe. Gawo loyambira lidutse pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki kuti pakhale umboni, ndipo yotsalayo mudzamalize mutayendera ntchito ndi maso anu.

Pamene ndalama imathawira mosadziwika ndi pa zosungiramo katundu. Zithunzi zimene mumaona pa intaneti zimakopa chifukwa cha mabokosi apulasitiki oonekera mkati, ofanana msinkhu, omatidwa timapepala ta mayina. Ambiri mwa mabokosi amenewo amachokera kunja, ndipo chiyambire pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wakunja sakhala pa mtengo umodzi nthawi yaitali. N'zotheka ndithu kuti mabokosiwo adye ndalama yoposa malipiro a munthu mwiniyo. Choncho gwirizanani kuti pasagulidwe bokosi ngakhale limodzi kusankha katundu kusanathe, popeza mukatha kusankha mudzapeza kuti zidebe, mabeseni ndi masutikesi amene atsala opanda kanthu akukwanira theka la ntchitoyo. Mashelefu angakukhomereni kalipentala wa ku Ndirande, ndipo madengu ndi zidebe zovindikira zili mbwee mu msika wa Limbe. Ngati wolongosolayo ndiye akukagula, abweretse malisiti, ndipo mumufunse poyera ngati amaikapo kenakake pamwamba. Kuikapo si mlandu, chifukwa kuyenda m'masitolo ndi ntchito, koma kukhale kodziwika.

Tsiku la ntchito lenilenilo ndi limene anthu ambiri saliyembekezera. Nyumba imayamba yaipiratu isanakongole. Chilichonse cha m'chipindamo chimatuluka n'kuyalidwa pa mphasa pakhonde kapena pabalaza, kenako n'kugawidwa milu: zosunga, zogulitsa, zopatsa ena, zotaya, ndi zimene eni ake ali kwina. Ndinaonapo ntchito yotere kwa mlamu wanga, ndipo pofika 11 koloko m'mawa pakhonde panali masimbi atatu ositira, awiri mwa iwo akufa, mafulasiki asanu a pa phwando la mkwatibwi akadali m'makatoni awo, mulu wa zitenje za maukwati ndi za misonkhano ya kumpingo zomwe zinavalidwa tsiku limodzi lokha, ndi thumba la machaja a mafoni amene anatayika kalekale. Mlamu wangayo anakhala pa mpando n'kugwira tsaya, ndipo ndi pamene anamvetsa kuti ntchito yolemetsa pa tsikulo inali yake, osati ya mlendoyo. Wolongosola amanyamula, amasanja ndipo amafunsa, koma sangasankhe m'malo mwanu. Musakonze zomusiyira makiyi n'kupita ku geni. Patulani tsikulo, zimitsani foni ya makasitomala ngati n'kotheka, ndipo dziwani kuti mutu umatopa ndi kusankha pakatha maola atatu kapena anayi, kotero kuti masiku awiri afupiafupi amapindula kuposa tsiku limodzi lofika usiku. Sankhaninso tsiku lopanda mvula, chifukwa katundu woyalidwa panja mu January ndi tsoka lodziitanira.

Pali muyeso umodzi umene ungakuuzeni msanga ngati munthuyo akudziwa moyo wa kuno kapena akungotengera zithunzi za kunja. Muonetseni zigubu zanu zosungira madzi, mbaula ndi thumba la makala, komanso matumba a chimanga aja. M'nyumba ya ku London zinthu zimenezi zilibe malo, koma ife tikudziwa kuti mipope imauma, magetsi amathima, ndipo chimanga chogula nthawi yokolola ndi ndalama yosungidwa. Akanena kuti zikuipitsa nyumba ndipo zichoke, ameneyo si wanu. Wodziwa adzazipezera malo ake, adzakweza matumbawo pa matabwa kuti asagunde pansi kapena khoma, ndipo adzakuuzani mosabisa kuti chimanga sichigona chipinda chimodzi ndi nsalu zogulitsa, chifukwa kumene kuli chimanga kumabwera makoswe ndi anankafumbwe, ndipo fungo la mankhwala othira m'chimanga limalowerera m'nsalu.

Tsopano za masutikesi a malemu apongozi anu, ndipo apa ndikupemphani mumvetsetse. Amenewo asatsegulidwe ndi mlendo, ndipo inunso musawaike pa mulu uliwonse. Katundu wa munthu amene anamwalira ali ndi eni ake mwa mwambo komanso mwa lamulo, pakuti dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011, lomwe limanena za oyenera kulandira zimene malemu anasiya. Ngakhale m'masutikesimo mutakhala zovala zakale zokhazokha, mkamwini kapena mtengwa amene wataya katundu wa apongozi popanda mawu a ana awo amadziputira mlandu umene sutha ndi chipepeso chimodzi, ndipo pa maliro otsatira nkhaniyo idzatuluka. Chimene wolongosola angachite ndi kuwapukuta kunja, kuwalemba dzina ndi kuwaika pamalo ouma. Chotsalacho ndi cha bambo a kunyumba, kuti akambirane ndi abale awo tsiku lodzagawana. Chimodzimodzinso katundu amene achibale anasungitsa, monga matiresi a mphwanu amene anamaliza sukulu kapena mashini osokera a azakhali: eni ake aimbiridwe foni, apatsidwe nthawi yodzatenga, ndipo pasagulitsidwe kanthu mwakachetechete.

Kumbukiraninso kuti mukulowetsa munthu wosamudziwa mpaka kuchipinda chogona. Onani chiphaso chake cha unzika ndipo mulembe nambala yake, pamodzi ndi za aliyense amene adzabwere naye. Pemphani manambala a anthu awiri amene anawagwirirapo ntchito, ndipo muwaimbiredi, osangokhutira ndi ndemanga za pa Facebook zomwe angalembe ndi anzake. Ndalama, makadi a ku banki, mapepala a nyumba kapena a malo, buku la galimoto, masatifiketi a sukulu ndi mapasipoti zitsekeredwe pamalo amodzi iye asanafike, osati chifukwa chomuganizira zoipa, koma kuti chinthu chikasowa pasakhale kulozana zala. Nkhani ya zithunzi ikambidwe poyambirira. Anthu a ntchitoyi amatsatsa malonda awo ndi zithunzi zoonetsa mmene chipinda chinalili ndi mmene chakhalira, koma chithunzi cha chipinda chodzaza ndi nsapato zatsopano, chooneka mawindo ndi chitseko chake, chimaonedwanso ndi anthu a zolinga zina. Muli ndi ufulu wokana, ndipo kukanako kulembedwe. Pa pepala lomwelo palembedwenso za amene adzalipire chinthu chikasweka, amene adzachotse zinyalala ndi kumene zikatayidwe, komanso mwini ndalama ya zinthu zimene zagulitsidwa, chifukwa ena amadzipereka kukugulitsirani n'kutengapo gawo lawo. Tsamba limodzi losainidwa ndi nonse awiri ndi lokwanira.

Nanga ndalamayo imabwerera? Pa zipinda zogona ndi kukhitchini, phindu lake ndi mtendere wa mumtima ndi nthawi yosataya pofunafuna zinthu, ndipo zimenezo n'zovuta kuziwerengera pamaso pa bambo amene akukayika. Koma pa chipinda cha geni masamu ake ndi oonekeratu, ndipo mungawachite usiku uno. Lembani ndalama imene munapikulira katoni ya nsapato zimene zachita nkhungu, muchotsepo imene mungapeze mukazigulitsa motchipa. Onjezani ndalama imene munagulira katoni yachiwiri mosafunikira, yomwe ikanagwira ntchito pa katundu wina woyenda msanga. Onjezaninso makasitomala amene munawabweza kuti saizi yawo yatha pamene inalipo. Tingoyerekeza kuti zonsezi zakwana K300,000 pa chaka, ndipo wolongosola pamodzi ndi mashelefu akufuna K150,000. Pamenepo ndalamayo yabwerera m'miyezi isanu ndi umodzi. Koma ngati zotayikazo n'zochepa kuposa mtengo wake, itanani mchemwali wanu wosanyengerera Loweruka lina, mumuphikire nkhuku, ndipo mugwire ntchitoyo nokha potsatira milu isanu ija.

Maganizo anga ndi akuti mumuyese wolongosolayo pa chipinda cha geni chokha. Mumuuze kuti pofika kumapeto mukufuna zinthu zitatu: katundu wa bizinesi asiyane kotheratu ndi wa pakhomo, chilichonse chichoke pansi chifukwa chinyezi cha dzinja ndi cha chiperoni cha mu June ndi July ndi chimene chinaononga nsapato zija, ndipo katundu yense awerengedwe n'kulembedwa m'kope, wakale akhale kutsogolo kuti azituluka poyamba. Kuwerengako kuchitike inu muli pomwepo, kope lili m'manja mwanu, chifukwa limenelo ndi limene mudzayambire kudziwa mpamba weniweni umene muli nawo. Mutenge lisiti ya malipiro ake n'kuisunga pamodzi ndi mapepala a bizinesi, makamaka ngati munalembetsa ku MRA.

Pa ola lomaliza la ntchitoyo wantchito wanu akhalepo, ndipo ngati n'kotheka bambo a kunyumba nawonso, kuti amve kuchokera kwa mwini ntchito malo a chinthu chilichonse, popeza iwo ndi amene azidzabwezera zinthu m'malo mwake inu muli ku msika. Mupangane ndi wolongosolayo kuti adzabwerenso pakatha mwezi umodzi kudzaona ngati dongosololo likugwira, makamaka katundu watsopano atalowa, ndipo mufunsiretu ngati ulendo umenewo uli m'kati mwa mtengo womwe mwagwirizana kapena ndi wolipira pawokha.