Musanayale pogona, yambani mwayalula

Adzukulu anga, mafunso anu okhudza pogona ndawalandira ndi manja awiri, chifukwa pa moyo wanga ndaonapo ana akudwala ndiponso mabanja akukangana kaamba ka zofunda. Mtsikana wina amene akukhala ndi azakhali ake m'tauni wafunsa chifukwa chake amamukalipira m'mawa uliwonse akasiya bedi losayala, chonsecho usiku agonapo ndi iye yemwe. Mnyamata wina wa pasukulu yogonera konko wadandaula kuti nsikidzi zamusowetsa mtendere, ndipo anzake akumuuza kuti zinabwera ndi neti. Wachitatu wangolowa kumene m'banja, ndipo akufuna kudziwa ngati n'zoona kuti mwamuna sachapa zofunda, komanso ngati zofunda zake ndi mkazi wake angamupatse wantchito kuti azichapa.

Ife tinakulira pamphasa ya bango ndi pamkeka wa mlaza. M'gowelo mmene tinkagona atsikana, kunja kukangoyera aliyense ankapinda chofunda chake, kuyalula mphasa, kuikung'untha panja ndi kuitsamiritsa pakhoma la nkhokwe kuti iwombedwe dzuwa, kenaka n'kusesa pamene panali mphasapo. Sitinkachita izi chifukwa choti tinali aukhondo kuposa inu, koma nyumba zinali zazing'ono, ndipo malo ogonawo ndi omwewo amene masana ankafunika pa ntchito zina. Motero mphasa inkayalidwa madzulo n'kuyalulidwa m'mawa, ndipo tsiku lililonse pogona pathu pankaona dzuwa ndi mphepo. Bedi linabweretsa ulemu ndi tulo tabwino, zimenezo sindikana, koma linatembenuza dongosolo limeneli, pakuti tsopano munthu amadzuka n'kuvundikira msangamsanga pamene wagona, ndipo pamwamba pamaoneka bwino pamene pansi pali chinyezi.

Ndiyambe ndi iwe mdzukulu wanga wa kwa azakhali. Azakhali akowo sakulakwa, koma mwina sanakuuze chifukwa chake. Thupi la munthu limatuluka thukuta usiku wonse, ngakhale mu Juni kukuzizira, ndipo pa maola 7 kapena 8 amene umagona, thukutalo pamodzi ndi mafuta odzola, mafuta a m'mutu ndi tizidutswa ta khungu zimatsalira m'zofunda. Ukayala bedi likadali lofunda, zonsezo umazitsekera momwemo, ndipo m'pamene pamachokera fungo la chuku lija limene mwini chipinda salimva koma mlendo amalimva akangofika pakhomo. Choncho ukadzuka, vundukula zofunda zonse kufikira kumiyendo, tsegula zenera, pita ukasambe ndi kusesa, ndipo ukabwerako patapita mphindi ngati 30, pamenepo uyale. Nsalu yoyala pansi uikung'unthe, uikoke bwino kuti pasatsale makwinya, m'mphepete mwake uipisire kunsi kwa matiresi kuyambira kumutu, kenaka uyale bulangete ndi kuika mtsamiro. Amayi anga ankasokerera ulusi wofiira pangodya imodzi ya bulangete lililonse kuti tizidziwa mbali ya kumiyendo, ndipo mwana akalisinthanitsa ankamudzutsa kuti alitembenuze, chifukwa mbali imene yakhudza mapazi dzulo siyenera kufunda nkhope lero. Mabulangete a masiku ano ambiri ali ndi kansalu ka kufakitale pangodya, ndipo kameneko kangagwire ntchito ya ulusi uja.

Palinso ulemu pankhaniyi. Uli m'nyumba ya eni ake, ndipo bedi losiyidwa chisawawa limauza mwini nyumba kuti ukuyembekezera kuti wina abwere adzakukonzere. Usambe mapazi usanagone, usakhale pabedi ndi zovala zimene wayenda nazo m'minibasi ndi kumsika, ndipo usadyerepo, chifukwa nyenyeswa za buledi ndi zitumbuwa zimaitana nyerere, mphemvu ndi makoswe. Ambiri a inu amene mukuchita lendi chipinda chimodzi mumayala matiresi pansi penipeni. Simenti imasunga chinyezi, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo mukadzatembenuza matiresiwo mudzapeza kunsi kwake kwada ndi nkhungu. Muziyamba mwayala mphasa kapena mkeka, matiresi pamwamba pake, ndipo m'mawa muziwaimika pakhoma monga tinkachitira ndi mphasa. Matiresi a siponji samizidwa m'madzi chifukwa mkati mwake simuuma msanga. Pamene pada mupukute ndi kansalu ka sopo, muwatulutse panja awombedwe mphepo, ndipo mwezi ndi mwezi muziwatembenuza kuti asakumbike mbali imodzi.

Kunena za kuchapa, nsalu zoyala pabedi ndi chovala cha mtsamiro zisapitirire sabata imodzi. Mu Okutobala ndi Novembala, makamaka kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene munthu amadzuka ali thukuta kamukamu, kawiri pa sabata sikuwononga sopo. Wokhoza akhale ndi nsalu zosinthira, ngakhale zitakhala zitenje ziwiri zolumikiza, kuti ina ikakhala pachingwe ina ikhale pabedi. Zogula pakaunjika muzizichapa ndi madzi otentha musanazigonere, ngakhale zitamveka fungo labwino, chifukwa simukudziwa kumene zagona. Pakagwera magazi, monga zimachitikira mtsikana akakhala kumwezi kapena mwana akatuluka kamfuno, muviike pomwepo m'madzi ozizira, pakuti madzi otentha amaphika magaziwo ndipo banga lake silichokanso.

Bulangete ndiye limafuna nzeru ndi kuyang'ana kumwamba. Sabata iliyonse litulutsidwe padzuwa ndi kukung'unthidwa, koma kuchapa kwenikweni kuzichitika kamodzi pa mwezi ngati madzi alipo, ndipo pakavuta musalephere kulichapa mu Epulo kapena Meyi chisanu chisanafike, ndiponso mu Ogasiti kapena Seputembala musanalisunge. Amene mumakhala ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre mukuchidziwa chiperoni, chimene chimatha masiku angapo dzuwa osaoneka. Bulangete lochapidwa m'masiku oterowo limagona lonyowa, limanunkha kuposa mmene linalili, ndipo mwana amene mwamufunditsa akhoza kudzuka ndi chifuwa chothina. Muliviike m'beseni lalikulu m'mamawa, mulipondeponde ndi mapazi osamba bwino, ndipo mulitsukuluze kufikira madzi atasiya kuchita thovu, chifukwa sopo wotsalira ndi amene amayabwa usiku.

Poyanika ndikupemphani ndi mtima wonse kuti muzigwiritsa ntchito chingwe, padzuwa penipeni, osati pansi, pakapinga kapena pamaluwa. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira padothi ndi pansalu zonyowa zimene zili pamthunzi, makamaka zonunkha thukuta kapena mkodzo, ndipo timphutsi take timalowa pakhungu la munthu. Ndinaziona ndi maso anga pa kamwana ka mnansi wanga. Kumsana kwake kunatuluka zotupa zisanu ngati zithupsa, chilichonse chili ndi kabowo pakati, ndipo mwanayo ankalira usiku wonse osapezeka chomutonthoza. Titapaka mafuta odzola olimba pa kabowo kamodzi n'kudikira, kamphutsi koyera kanayamba kusuzumira kufuna mpweya, ndipo mayi wake anagwa mphwayi. Matewera ndi kansalu kogonera ka mwanayo ankaziyanika pa udzu kuseri kwa bafa. Simbi yotentha, kaya ya makala kaya ya magetsi, imapha mazirawo, choncho zofunda za ana ndi nsalu zoyala muzizisita, makamaka m'misoko, nthawi ya mvula ikafika.

Tsopano iwe mnyamata wa kusukulu. Neti siibala nsikidzi. Nsikidzi zimayenda ndi katundu wa anthu, m'masutikesi, m'zikwama, m'matiresi ndi m'zovala, ndipo pamalo ogona anthu ambiri zimasamuka bedi ndi bedi. Zikachuluka zimabisala paliponse pamene pali mpata, ngakhale m'misoko ya neti, ndipo n'chifukwa chake anzako akuiloza chala. Ukaitaya netiyo nsikidzi zidzatsala, ndipo udzawonjezerapo malungo, popeza udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku iwe uli m'tulo. Yang'ana m'misoko ya matiresi, molumikizira matabwa kapena zitsulo za bedi ndi m'ming'alu ya khoma. Ukaona timadontho takuda ngati ta inki, pamenepo ndiye pamudzi pawo. Madzi owira amazipha pamodzi ndi mazira ake, choncho uthire m'malo olumikizira bedi, zofunda uziviike m'madzi otentha kwambiri, uziyanike padzuwa ndi kuzisita. Mazira amene apulumuka amaswa patapita sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, motero ntchitoyi uibwereze sabata yotsatira ndi inzake. Ndipo usaigwire wekha, chifukwa nsikidzi zimatha miyezi osadya, ndipo zikathawa kwa iwe zimakadikira kwa mnzako. Mugwirizane chipinda chonse tsiku limodzi, ndipo muuze oyang'anira malo ogona kuti aitane odziwa kupopera ndi kumata ming'alu. Chimene ndikukuletsa kwathunthu ndi kutenga mapiritsi osungira chimanga, mankhwala a kumunda, petulo kapena parafini n'kulowa nazo m'chipinda chogona. Mpweya wa mapiritsi amenewo umapha munthu ali m'tulo, ndipo petulo ndi parafini sizichedwa kuyaka.

Netiyo uisamale motere. Ikakhala yatsopano uiyanike pamthunzi kwa maola 24 usanayambe kugonamo. Usiku uzipisira m'mphepete mwake kunsi kwa matiresi kapena mphasa, ndipo m'mawa uziikwinyira m'mwamba kuti isang'ambike. Pakabooka usoke tsiku lomwelo. Siichapidwa pafupipafupi ngati nsalu, chifukwa mankhwala ake anawapangira kuti apirire kuchapa pafupifupi ka 20 m'zaka ngati 3. Ikada uichape mofatsa ndi sopo wamba m'madzi ozizira, osapikicha pamwala, uiyanike pamthunzi, ndipo madzi ake usawataye mumtsinje kapena m'nyanja popeza mankhwalawo amapha nsomba. Ngati kuyabwa kuli pakati pa zala ndi m'chiuno, ndipo kukukula usiku, mwina ndi mphere osati nsikidzi. Pamenepo upite kuchipatala, onse ogona pamodzi alandire mankhwala nthawi imodzi, ndipo zofunda zimene simungathe kuzichapa ndi madzi otentha muzimangire m'thumba la pulasitiki kwa masiku osachepera 3.

Kwa inu bambo wa banja latsopano, ndikuyankhani mwaulemu poti tsopano muli ndi nyumba yanu. Mwambo umene anamkungwi amalangiza ndi wakuti zofunda za mwamuna ndi mkazi wake ndi chinsinsi cha awiriwo. N'chifukwa chake mwana wotha msinkhu salowa m'chipinda cha makolo chisawawa ndipo sakhala pabedi lawo, n'chifukwa chakenso nsalu zimenezo sizipatsidwa kwa mwana wamkazi, kwa mlamu kapena kwa apongozi kuti achape, ndipo poyanika zimapita kuseri kwa nyumba osati kumaso kumene odutsa akuona. Mwambowu sunanene kuti manja a mwamuna sakhudza madzi a sopo. Amuna a kwathu amene ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, ndipo pambuyo pake la Theba mpaka m'zaka za m'ma 1980, ankadzichapira okha mabulangete m'makomboni, ndipo ena anabwerako akudziwa kupinda ndi kusita kuposa akazi awo. Amene akukuuzani kuti mwamuna sachapa akubisa ulesi kumbuyo kwa mwambo. Mkazi wanu akakhala woyembekezera, akangochira kumene kapena akadwala, kunyamula bulangete lonyowa n'koopsa kwa iye, ndipo chinsinsi chija ngati sichiyenera kupita kwa munthu wakunja, wotsala kuti achape ndi inuyo. Ngakhale masiku wamba, bulangete lalikulu silifinyika ndi munthu mmodzi. Wina amagwira uku, wina uko, n'kumapotokola mosiyana mpaka madzi atasiya kudontha. Wodzuka pomaliza ndiye aziyala bedi, ndipo ngati mwadzukira pamodzi, muyale pamodzi.

Za wantchito, maganizo anga ndi awa. Mabulangete a ana, makatani ndi zofunda za alendo mungamupatse popanda vuto, koma nsalu zimene mumagonera awiri muzichape nokha, ngakhale nonse mutakhala apantchito, chifukwa wantchitoyo ndi mwana wa munthu ndipo si bwino kumuonetsa zimene ngakhale mwana wanu simungamuonetse. Loweruka m'mawa nthawi ya nsalu ziwiri siisowa.

Ana akadzabwera, mudzakumana ndi wokodza pogona. Musadzamunyoze poyanika mphasa yake pagulu kapena kumuimbitsa nyimbo pamaso pa anzake, monga ankachitira ena kale, pakuti mwanayo sachita dala ndipo manyazi sachiza. Muziyala pepala la pulasitiki kunsi kwa nsalu yake, muzimuperekeza kukataya madzi asanagone, ndipo m'mawa zonyowazo muzizitsukuluza nthawi yomweyo zisanayambe kuitana ntchentche zija. Akasinkhuka muzichapa naye limodzi mwakachetechete, ndipo ngati vutolo likupitirira atadutsa zaka 7, kapena layambiranso mwadzidzidzi atasiya kale, mupite naye kuchipatala akamuone.