TB siyenda m'mbale, imayenda mu mpweya

Mayi amene mwafunsa kuti amuna anu awapeza ndi chifuwa chachikulu (TB), ndipo apongozi akuti muwapatulire mbale, kapu ndi supuni zawozawo, pomwe m'nyumbamo muli mwana wa zaka 3: pepani ndi matenda. Apongoziwo akufuna kukutetezani, koma akutseka khomo lolakwika.

Kachirombo ka TB, kamene dokotala wa ku Germany Robert Koch anakatulukira mu 1882, kamatuluka m'mapapo a wodwala akamatsokomola, kuyetsemula, kuimba ngakhale kungolankhula. Timadontho take n'tating'ono kwambiri moti sitigwa pansi msanga, timayandama m'chipinda kwa maola angapo ngati utsi wa mbaula m'khitchini yotseka. Wolowa mmenemo n'kupuma ndiye angatenge. Kudyera mbale imodzi, kupatsana moni wa m'manja kapena kuchapira limodzi zovala sikupatsirana TB. Choncho nsima idyeni pamodzi. Chofunika n'kutsekula mazenera ndi chitseko tsiku lonse, dzuwa lilowe, chifukwa mphepo imatulutsa tizirombo ndipo dzuwa limapha tiziromboto. Masana bambowo azikhala pakhonde kapena pansi pa mtengo. Akamatsokomola azitseka pakamwa ndi kansalu kapena mkati mwa chigongono, makhololo azilavulira m'kachitini kovundikira n'kukataya m'chimbudzi. Milungu iwiri yoyambirira, ngati malo alipo, agone chipinda china, makamaka kutali ndi mwanayo. Akamwa mankhwala bwino milungu iwiri, mphamvu yopatsira ena imatsika kwambiri.

Dziwani kuti nthawi yoopsa kwambiri inali miyezi imene ankatsokomola asanayezedwe. Ndiye musadikire kuti wina ayambe kudwala. Nonse a m'nyumbamo pitani kuchipatala mukanene kuti mumakhala ndi wodwala TB. Akakufunsani za chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda. Wotsokomola amupatsa kabotolo ka makhololo. Apa ambiri amalakwitsa popereka malovu. Tsukani mkamwa ndi madzi, pumani mozama katatu, kenako tsokomolani kuchokera pansi pa chifuwa, muli panja. Makina oyezera makhololo a GeneXpert amaonetsa ngati kachirombo kalimo komanso ngati kakumva mankhwala a TB otchedwa rifampicin.

Mwana wanuyo ndiye wotidetsa nkhawa. Ana osakwana zaka 5 TB imawalowerera msanga, mpaka ku ubongo, ndipo nthawi zambiri satsokomola ngati akulu. Amangofooka, kusiya kusewera, sikelo osakwera. Katemera wa BCG amene analandira atabadwa amachepetsa TB yoopsayo koma sateteza kotheratu. Akapezeka kuti alibe matenda, amupatsabe mankhwala oteteza a miyezi ingapo. Musawakane poti mwana ali bwinobwino, amaperekedwa dala kwa wosadwala.

Za bambowo, mankhwala ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo TB wamba imachizidwa miyezi 6. Miyezi iwiri yoyamba amamwa mankhwala anayi ophatikizidwa m'piritsi limodzi: rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol. Miyezi inayi yotsatira amatsala awiri oyambawo. Chiwerengero cha mapiritsi chimatengera sikelo, n'chifukwa chake ayenera kukwera sikelo akamakatenga mankhwala. Amwe nthawi imodzimodzi, bwino m'mawa asanadye, inu mukuona, n'kuchonga pakhadi. Makhololo amayezedwanso pa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi.

Msampha uli pa mwezi wachiwiriwo. Chifuwa chimasiya, chilakolako cha chakudya chimabwerera, munthu n'kuyamba kuona ngati wachira. Tizirombo tofooka ndito tafa, tolimba tikadalipo. Akasiya pamenepo matenda amabwerera, nthawi zina osamvanso mankhwala, ndipo TB yoteroyo ndi yovuta kuchiza, angapatsirenso inu yomweyo.

Mkodzo ukafiira ngati lalanje musaope, ndi rifampicin. Mapazi akamayaka kapena kuchita dzanzi, apemphe mapiritsi a pyridoxine (vitamini B6). Koma maso akachita chikasu, akamasanza mosalekeza, thupi likatuluka zidzolo kapena akayamba kusaona bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mowa, makamaka kachasu, auleke chifukwa chiwindi chili kale pa ntchito yaikulu. Fodyanso ayi.

Ayezetse magazi ngati sanatero, inunso. TB si umboni wakuti munthu ali ndi HIV, ambiri amadwala alibe, koma HIV ndi imene imadzutsa kachirombo kogona m'thupi kuposa china chilichonse. Ngati ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, auze adokotala, chifukwa rifampicin amachepetsa mphamvu yake ndipo pamafunika piritsi lina lowonjezera madzulo. Matenda a shuga ndi ntchito ya m'migodi zimawonjezeranso chiopsezo, ngati anagwirapo ku Joni anene.

Achibale ena adzati ndi tsempho kapena mdulo, poona kuwonda ndi chifuwa. Musakangane nawo, koma mankhwala azitsamba asasakanizidwe ndi a kuchipatala, angapweteke chiwindi. Ngati zingatheke, apongoziwo mupite nawo limodzi tsiku lokatenga mankhwala, akadzimvere okha kwa azaumoyo.