Mbewu imodzi, feteleza mmodzi, nanga chimanga chasiyana bwanji?

Sabata yatha ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi ena a kufupi ndi Bangula. Akuti iwo ndi alongo awo a ku Ngabu anagawana paketi imodzi ya mbewu ya chimanga ndi thumba limodzi la feteleza, nabzala sabata imodzimodzi. Kwa alongowo chimanga chinabiriwira, koma kwa iwo chinapinimbira n'kuchita chikasu chisanafike m'chiuno. Munda wawo ndi umodzi mwa minda imene madzi a namondwe wa Freddy anaikwirira ndi mchenga mu Malichi 2023. Akufunsa ngati anawagulitsa mbewu yachinyengo. Awonjezeranso kuti nkhuku zoyera zimene anayesa kuweta mu Okutobala zinangotha, pamene mbuzi zawo zikunenepa.

Mayi, pepani ndi zimene mwakumana nazo. Kulima chaka chonse n'kutuluka m'munda chimanjamanja kumawawa mpaka m'mafupa. Koma mbewuyo musaiimbe mlandu, poti yomweyo yabereka kwa alongo anu. Chimene chasiyana ndi dothi limene mbewuyo inagonamo.

Ku Ngabu kuli makande, dothi lakuda lija limene limang'ambika ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe, mvula ikagwa n'kumamatirira ku khasu ndi kumapazi. Timibulu take ndi tating'ono zedi, ndiye timagwira madzi ndi chakudya cha mbewu osataya msanga. Mchenga umene madzi anakusiyirani uli ngati sefa. Mukathira Urea lero, mvula yamphamvu n'kugwa mawa, mchere wake umasungunuka n'kutsikira pansi kumene mizu ya chimanga chaching'ono siinafike. Chikasu chimene munaona, makamaka ngati chinayambira masamba am'munsi, ndi njala ya nayitirojeni. Chimangacho chinali ndi njala feteleza mutathira kale. Onjezanipo kutentha kwa mchenga masana. Inu amene mumaupondapo mukudziwa mmene umawotchera, ndiye taganizani mizu yanthete imene ili m'menemo tsiku lonse.

Musanagule china chilichonse chaka chino, tengani khasu mukakumbe maenje atatu kapena anayi m'malo osiyanasiyana a mundawo, mpaka mutapeza dothi lakale. Ngati mchenga sunapitirire kutalika kwa chikhatho, limani mozama kuti usakanikirane ndi dothi la pansi, ndipo mundawo udzabwerera. Ngati wafika m'mawondo, iwalani kaye za chimanga pamenepo. Bzalani mbatata, khobwe, mtedza, mavwende kapena mchewere, mbewu zimene zimapirira mchenga. Mukafuna chimanga ndithu, kumbani maenje obzalamo, muthire manyowa owola bwino manja awiri pa dzenje lililonse, feteleza muzithira pang'onopang'ono kawiri kapena katatu m'malo mokhuthula kamodzi. Mapesi musawotche. Ayaleni pamwamba kuti dothi lizizire ndi kusunga chinyontho. Chimandipweteka kuona ndowe zaunjikana m'makola a ng'ombe m'chigwa chonsechi cha Shire, chigwa chodziwika ndi ng'ombe, minda yoyandikana nayo ikufa ndi njala.

Alongo anunso asadzitame kwambiri. Makande ali ndi mavuto ake. Mvula ikachuluka madzi amadikha, mpweya umatha m'dothi, ndipo mizu imabanika, pakuti nayonso imapuma. Chimanga chikakhala m'madzi masiku angapo chimachita chikasu ngati chanu chomwe. N'chifukwa chake makolo athu pa makande ankadalira mapira ndi thonje, mbewu za mizu yozama zimene zimapirira dzuwa likakhazikika.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira: mchere. Mijigo yambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere. Mukamathirira dimba ndi madzi otere, dzuwa limamwa madziwo, mchere n'kutsala pamwamba ngati ufa woyera. Mchere ukachuluka mizu imalephera kukoka madzi, mbewu n'kumafota dothi lili lonyowa. Nyemba ndizo zimayamba kugonja, pamene thonje limapirira ndithu. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene ikuchokera ku Kapichira pa mtsinje wa Shire idzathandiza anthu ambiri, koma aliyense wothirira adzayenera kusamala kuti madzi otsala akhale ndi kotulukira, apo ayi mchere udzakwera.

Tsopano kutentha. Chigwa chathu chili pansi kwambiri, malo ambiri sapitirira mamita 100 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Chimanga chikamamasula ngayaye, mungu wake umawonongeka kutentha kukapitirira madigiri 35, makamaka kukakhala kouma. Zotsatira zake ndi zisononkho za njere zowerengeka. Ichi ndicho chifukwa chimanga cha kudimba, chobzalidwa madzi akaphwera m'mbali mwa Shire ndi dambo lalikulu la Elephant Marsh, nthawi zambiri chimaposa cha mvula. Chimakula m'miyezi yozizira, pa matope atsopano amene madzi oyenda pang'onopang'ono asiya. Madzi othamanga ndiwo amataya mchenga, odekha amasiya matope achonde. Mtsinje umodzi womwewo, wina umamulemeretsa, wina umamukwirira.

Kwerani phiri mupite ku Thyolo, muona tiyi wobiriwira pa katondo wofiira, kozizira ndi kwa mvula yambiri. Tiyi ameneyo mutamutsitsira ku Nchalo sangakhale. Nzimbe ndiyo imasangalala kuno, bola madzi alipo.

Za nkhuku zija, nkhani ndi yomweyi. Nkhuku ilibe thukuta. Ikatenthedwa imangoyasama n'kumapuma wefuwefu, mapiko itatambasula, ndipo imasiya kudya. Nkhuku zoyera za nyama anazipanga kuti zizidya kwambiri ndi kukula m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo thupi lokula mofulumira chotero limatulutsa kutentha kwakekwake. Muziike m'khola la malata mu Okutobala, mwaziika mu uvuni. Mukafuna kuyesanso, yambani mu Meyi kapena Juni, khola likhale la denga la udzu, m'mbali mopita mphepo, madzi akumwa akhale pamthunzi ndipo musazithinitse. Kukatentha zipatseni chakudya m'mamawa ndi madzulo. Zikafa zambiri nthawi imodzi, zina zikupinda khosi, itanani alangizi a ziweto, chifukwa chitopa nachonso chimakonda miyezi yomweyo.

Mbuzi zanu zikunenepa chifukwa malo ano ndi kwawo. Udzu ukauma zimadya masamba a zitsamba ndi nyemba za msangu, sizifuna madzi ambiri, ndipo dothi louma limachepetsa njoka za m'mimba. Ng'ombe zathu zalinunda nazonso zimapirira dzuwa kuposa zamkaka za ku Thyolo. Koma zimene zimadya m'madambo onyowa zimatenga tizilombo ta m'chiwindi timene timaswana mu nkhono za m'madzi, n'kumaonda msipu uli wobiriwira. Ngakhale nsomba zili choncho. Madzi ofunda amakulitsa nsomba msanga, koma amasunga mpweya wochepa, ndiye thamanda likayamba kuphwa zina zimafa, mlamba n'kutsala chifukwa umatha kupuma mpweya wa pamwamba.

Msangu ndautchula dala. Mtengo umenewu umayoyola masamba nthawi ya mvula, kotero suphimba mbewu, ndipo masambawo amawolera pansi n'kukhala manyowa. Ngati wamera wokha m'munda mwanu, usiyeni ndipo muutchingire mbuzi ukadali waung'ono. Mukakumba maenje aja, mundilembere kuti mchenga wafika pati, tidzaone limodzi mbali ya munda yoti muyambire.