Kwa achemwali amene afunsa za diborane

Achemwali, funso lanu ndaliona m'mawa ndili pa siteji kudikira minibasi ya ku Monkey Bay, ndiye ndinati ndiyankhe ndikakhazikika. Mukuti chithunzi cha diborane, B2H6, chili ndi mizere 8 yoimira ma bond, pomwe ma electron akunja ndi 12 okha, chonsecho ku sekondale anatiuza kuti bond iliyonse imadya ma electron awiri. Simunaphonye kuwerenga ayi.

Boron aliyense amabwera ndi ma electron atatu akunja, ndiye awiriwo apereka 6, ma hydrogen 6 aja aperekanso 6. Ethane, C2H6, ali ndi 14 ndipo ma bond ake ndi 7, zonse zikukwanira bwinobwino. Diborane ndi mmphawi. Ma hydrogen anayi a m'mphepete amagwirana ndi boron mwa nthawi zonse, bond iliyonse ma electron awiri, ndipo ma electron 8 athera pomwepo. Atsala anayi okha.

Ma hydrogen awiri otsalawo amakhala pakati, aliyense atagwira ma boron onse awiri, monga mlatho wathu wa pa Shire wagwirira tsidya lino ndi tsidya linalo. Mlatho uliwonse, B-H-B, uli ndi ma atomu atatu koma ma electron awiri basi. Zili ngati anthu atatu kupisa mbale imodzi ya usipa: palibe amene angati mbaleyi ndi yanga ndi uyu yekha. Choncho mizere inayi yapakatiyo ndi ma bond awiri, osati anayi. Chimene chakusokonezani ndi cholembera, chifukwa mzere timaujambula mofanana paliponse. Ine ana anga a sukulu ndimawauza ajambule mzere umodzi wopindika ngati nthochi, kuchoka pa boron kudutsa pa hydrogen kukafika pa boron winayo.

Umboni ulipo. Mtunda wa B ndi H m'mphepete ndi pafupifupi ma picometre (pm) 119, koma pa mlatho umapitirira 130 pm. Mbale ikagawidwa, kugwira kumachepa mphamvu.

Musadzione ngati mbuli. Lamulo la awiriawiri lija ndi la Gilbert Lewis, la 1916, ndipo akatswiri anakangana za diborane zaka zambiri. Mu 1943 Longuet-Higgins, akadali wophunzira ku Oxford, analemba limodzi ndi R. P. Bell kuikira kumbuyo maonekedwe a mlathowa. William Lipscomb anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1976 chifukwa cha ntchito yake pa ma borane, mamolekyulu a boron ndi hydrogen. Dzina limene amapatsa diborane loti electron deficient, kutanthauza yoperewera ma electron, ineyo sindilikonda kwenikweni, pakuti molekyuluyo sikudandaula, chimene chinaperewera ndi lamulo lathu.

Pa mayeso chenjerani ndi Al2Cl6. Nayo ili ndi milatho, koma chlorine si mmphawi, ali ndi ma lone pair (ma electron awiriawiri amene sali mu bond) oti apereke, ndiye siikhala m'gulu limeneli. Mnzake weniweni wa diborane ndi Al2(CH3)6, mmene carbon wa CH3 amakhala pakati pa ma aluminium awiri.