Kodi Ndifunika Loya Pothetsa Banja?

FUNSO: Akonzi, ine ndi amuna anga tinakwatirana mwachinkhoswe, ndipo tili ndi ana awiri komanso nyumba imene tinamanga limodzi. Ankhoswe alephera kutiyanjanitsa. Kodi ndiyenera kupeza loya, pamene ndalama ndilibe? Ndine mayi wa ku Dedza.

YANKHO: Mayi, pepani chifukwa cha mavutowa. Banja la chinkhoswe limathetsedwa kukhoti la majisitireti, ndipo lamulo silikukakamizani kukhala ndi loya, popeza mukhoza kudziyankhulira nokha, ankhoswe n'kukhala mboni. Komabe pamene pali nyumba ndi ana, ife tikuona kuti kupita nokha n'kudziika pachiswe, makamaka ngati amuna anu apeza wowayimira.

Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa mayi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri, komanso wolandira chithandizo choyenera, koma khoti limafuna umboni. Sonkhanitsani msanga malisiti a simenti ndi malata, mapepala a malo, ndi mayina a amisiri amene munkawalipira.

Poti ndalama mulibe, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa pa milandu. Mukasankha loya wolipidwa, tsimikizani kuti ali ndi chiphaso chogwirira ntchito, ndipo mugwirizane za malipiro polemba asanayambe mlanduwo.