Plasma ya mlamu kapena LED ya m'sitolo?

Bambo wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti mlamu wake wa ku Joni akufuna kumugulitsa plasma ya mainchesi 50 yogwirapo kale ntchito, koma atapita ku Limbe amuonetsa LED, QLED ndi OLED mpaka mutu kuzungulira. Magetsi akathima amadalira sola.

Achimwene, yambani mwafunsa mlamu wanuyo ngati ili plasma yeniyeni, poti kwathu kuno TV iliyonse yopyapyala timangoti plasma. Ngati ili yeniyeni, isiyeni. Panasonic, Samsung ndi LG adasiya kupanga ma plasma pofika kumapeto kwa 2014, choncho imeneyo yadutsa zaka khumi, ndipo ikadzafa zipangizo zake mudzazisaka mpaka nsapato kutha. Imadyanso magetsi koopsa. Ikayaka ola limodzi, ikani dzanja kumbuyo kwake, mumva kutentha ngati mbaula. Batire lanu likhoza kukusiyani mpira uli pakati.

Za LED ndi QLED asakusokonezeni. Zonsezi ndi mtundu umodzi wa TV wotchedwa LCD, wokhala ndi nyale kumbuyo kwa galasi. QLED angoiwonjezera kansalu ka timadontho tokometsa mitundu, basi. OLED yokha ndiyo yosiyana: kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, ndipo pamalo pakuda kamazimiratu. Usiku filimu imakongola zedi, zimenezo sindikana. Koma mtengo wake ndi woboola m'thumba, ndipo mukamaonera tchanelo chimodzi tsiku lonse, chizindikiro cha pakona chija chikhoza kusiya chipsera chosafufutika.

Ndikadakhala inu ndikadagula LED wamba ya mainchesi 43. Pabalaza pathu pamawala masana, makatani ndi opyapyala, ndipo LED imapirira kuwala. Pa bokosi onani manambala osonyeza kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi. Zina zotsika mtengo zimalembedwa HD koma zili 1366 x 768, pamene Full HD ndi 1920 x 1080. Za 4K, zomwe zili ndi timadontho tochuluka kuposa Full HD, musazitayire ndalama ngati mumaonera pa dekoda wamba, chifukwa chithunzi chake sichifika pamenepo.

M'sitolo amaika makanema awoawo a maluwa ndi mathithi. Tengani fulashi yanu yokhala ndi mpira, muone ngati osewera sakusiya chithunzithunzi akamathamanga. Kenako imani chakumbali, pomwe amakhala ana pamkeka, muone ngati mitundu sikufwifwa.

Musatuluke opanda risiti ndi pepala la waranti. Ndalama yotsala mugulire kachipangizo koteteza TV magetsi akabwera mwamphamvu.