Kodi gombe la Nacala likufanana ndi la Nkhata Bay?

Funso: Zikomo akonzi. Ndimakhala ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu ndipo nyanja imene ndimaidziwa ndi ya ku Nkhata Bay basi. Achimwene anga, amene amayendetsa galimoto yonyamula katundu, akufuna kunditengera ku Nacala m'dziko la Mozambique. Akuti kumeneko madzi amathawa n'kubwereranso tsiku lomwelo. Kodi sakundinamiza? Nanga mbuna ndikaziona?

Yankho: Achimwene anuwo akunena zoona. Nacala ili m'chigawo cha Nampula, pamalo pamene nyanja yamchere ya Indian inalowa kwambiri kumtunda n'kupanga chigawo cha madzi akuya chotchingidwa ku mphepo, n'chifukwa chake sitima zikuluzikulu zimakocheza mosavuta. Njanji yodutsa ku Liwonde ndi Nayuchi, imene imanyamula malasha a ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, komanso katundu wina wa dziko lathu, imakathera komweko.

Kuthawa kwa madziko kumachitika chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, kotero musaloweze pamtima kuti ndi zam'mawa zokha. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, madzi amaphwa kwambiri ndipo amabwereranso mwamphamvu. Apa ndi pamene munthu wozolowera nyanja ya Malawi amapusitsika, chifukwa kwathu kuno madzi amakwera ndi kutsika motsatira nyengo ya mvula, pamene kumeneko mchenga umene mwayendapo masana ukhoza kumira dzuwa lisanalowe. Funsani asodzi musanapite patali.

Za mbuna iwalani. Nsomba zimenezi ndi za m'madzi opanda mchere, ndipo ndi zina mwa zimene zinachititsa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, kulemekeza paki ya Lake Malawi mu 1984. Ku Nacala mukapeza matanthwe a korali, amene amaoneka ngati miyala koma amamangidwa ndi tizilombo tamoyo, ndipo mozungulira mwake mumasambira nsomba zamawangamawanga, nkhanu ndi akamba am'madzi. Musaponde matanthwewo, chifukwa amacheka phazi komanso akathyoka amatenga zaka zambiri kuti amerenso. Mukapita pakati pa Julayi ndi Okutobala mukhoza kuona anangumi ochokera ku madzi ozizira a ku Antarctica, amene amabwera kudzaswana m'madzi ofunda. Ine ndingasankhe miyezi imeneyi, pakuti kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe.

Mpata ukapezeka, mukafikenso pachilumba cha Ilha de Moçambique chakummwera kwa Nacala, chomwe chinali likulu la Apwitikizi m'dzikolo kwa zaka mazana angapo. Koma za kulowera kumpoto muyambe mwafunsa akuluakulu a boma, chifukwa m'chigawo cha Cabo Delgado mwakhala muli zigawenga kuyambira mu 2017.